Obwera ndi eni dziko savulala mofanana: ndi magazi, ndi ntchito, kapena ndi kawerengedwe?

Pa 6 Meyi 2024 nyumba yosanjikizana imene inali kumangidwa mumzinda wa George ku South Africa inagwa n'kupha anthu 34. Ambiri mwa ogwira ntchito pamalopo anali obwera, ochokera ku Mozambique, Zimbabwe, Lesotho ndi kuno ku Malawi. Miyezi isanu ndi itatu izi zisanachitike, pa 31 Ogasiti 2023, moto unapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso pakati pa mzinda wa Johannesburg, ndipo Amalawi analinso m'gulu la omwalirawo.

Ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene mabanja ambiri ali ndi mwana, mlamu kapena malume ku Joni, nkhani zotere zimadzutsa mkangano umodzimodzi. Pa Kamuzu Road wina amati obwera amafa chifukwa cha dyera la ndalama, amalowa paliponse. Wina amati ayi, mitundu ina inangobadwa yolimba, ina yofewa. Kudooko nakonso mawu ake ndi omwewo: "wakumtunda akakwera bwato, konzani maliro." Akatswiri a zaumoyo wa anthu akhala akuwerenga nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza sizigwirizana kwathunthu ndi mbali iliyonse ya mkanganowo.

Mawu atatu oyenera kumvana

Kuvulala, m'kawerengedwe ka zaumoyo, ndi kuwonongeka kwa thupi kochokera ku mphamvu yakunja: kugundidwa, kugwa, kupsa, kumira, kutemeka, kumwa poizoni. Amakugawa pawiri. Pali kwangozi, monga kugwa pa kabaza, ndipo pali kwadala, monga kumenyedwa, kuphedwa kapena kudzipha. Bungwe la WHO limati kuvulala kwa mitundu yonseyi kumapha anthu pafupifupi 4.4 miliyoni pachaka, omwe ndi anthu 8 pa anthu 100 alionse omwalira padziko lapansi.

Wobwera ndi munthu wobadwira dziko lina. Mtundu ndi nkhani ina: gulu limene munthu amadziwika nalo malinga ndi makolo, chilankhulo ndi chikhalidwe. Ziwirizi zimasokonezedwa kawirikawiri. Mwana wa Mturkey wobadwira ku Rotterdam m'dziko la Netherlands si wobwera, koma kaundula wa dzikolo amamulemba m'gulu la makolo ake. Munthu wakuda wa ku America amene makolo ake akhala kumeneko zaka 300 ndi mwini dziko, pamene Mmalawi amene watsika ndege dzulo ndi wobwera, ngakhale onse awiri angalembedwe kuti "akuda". Kafukufuku aliyense musanamukhulupirire, yambani mwaona kuti anthu anawagawa bwanji.

Chiwerengero chopanda chogawira chimanamiza

Tiyerekeze, mongopeka kuti masamu aoneke, esiteti ya nzimbe yolemba anthu 1,000. Mwa iwo 900 ndi a m'midzi yozungulira, 100 ndi ochokera kutali. Pakutha pa chaka, a m'midzi 45 avulala, obwera 15 avulala. Woyang'ana buku la kuchipatala anena kuti vuto lili kwa eni mudzi, poti 45 ndi ambiri kuposa 15.

Gawani tsopano. Anthu 45 pa 900 ndi anthu 5 pa 100 alionse. Anthu 15 pa 100 ndi 15. Nkhani yatembenuka: wobwera akuvulala kuwirikiza katatu. Nambala yoyerekeza magulu awiri motereyi akatswiri amaitcha relative risk, kutanthauza chiopsezo cha gulu lina pochiyerekeza ndi cha linzake. Ikakhala 1 ndiye kuti magulu ndi ofanana, ikakhala 3, kuwirikiza katatu, ikakhala 0.5, theka.

Koma musaime pomwepo. Funsani kuti aliyense amagwira ntchito yanji. Tinene kuti obwera onse 100 ndi odula nzimbe ndi chikwanje. Mwa a m'midzi 900, odula nzimbe ndi 200 okha, ndipo 30 mwa ovulala 45 aja ali m'gulu limeneli. Ena 700 ndi othirira, alonda, oyendetsa mathirakitala ndi a muofesi. Anthu 30 pa 200 ndi 15 pa 100. Wodula nzimbe wobwera ndi wodula nzimbe wa pamudzi akuvulala chimodzimodzi ndendende. Chimene chinkaoneka ngati kusiyana kwa mitundu chinali kusiyana kwa amene wagwira chikwanje ndi amene wagwira cholembera.

Kuchotsera zinthu zina chonchi kumafanana ndi kuyeza usipa pasikelo: uyenera kuchotsa kulemera kwa dengu kuti udziwe nsomba zenizeni. Madengu ofunika kuchotsa pa nkhani ya kuvulala ndi msinkhu, kukhala mwamuna kapena mkazi, ntchito, ndalama, ndi malo okhala. Msinkhu ndiwo umaiwalika kwambiri. Obwera ambiri ndi anyamata a zaka 20 mpaka 40, gulu limene limavulala kwambiri pamsewu ndi pantchito m'dziko lililonse, pamene eni dziko akuphatikiza agogo ndi makanda omwe.

Zimene anapeza ku Netherlands

Dziko la Netherlands lili ndi kaundula wa anthu wolongosoka, moti n'zotheka kulumikiza imfa iliyonse ndi dziko limene munthu kapena makolo ake anachokera. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2006 anaona imfa za kuvulala za zaka za 1995 mpaka 2000, kuyerekeza eni dziko ndi anthu ochokera ku Turkey, Morocco, Suriname ndi zilumba za Antilles. Pamodzi, magulu obwerawa anali ndi chiopsezo cha 1.29. Ndi chokwera ndithu, koma osati modabwitsa.

Chophunzitsa chili pogawa imfazo. Kuphedwa ndi munthu wina, 3.24. Kumira, 2.58. Moto ndi madzi otentha, 1.95. Kugundidwa ukuyenda pansi, 1.87. Koma kufa pa njinga yakapalasa kunali 0.53, ndipo pa njinga yamoto 0.47, kutanthauza kuti eni dziko ndi amene ankafa kwambiri pa njinga, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Palibe chinsinsi apa. Mdatchi amakulira pa njinga ndipo amapalasa mpaka ukalamba; wobwera amayenda pansi kapena kukwera basi. Sungafe pa njinga imene sukwera.

Ndiye funso lakuti "ndani amavulala kwambiri" ndi losakwanira. Funso lothandiza ndi lakuti ndani amavulala motani, ali kuti, akuchita chiyani. Ofufuza aja atachotsera umphawi wa dera ndi kukhala m'tauni, kusiyana kwa ngozi zambiri kunachepa, ngakhale sikunatheretu.

Ntchito: apa ndi pamene pagona nkhani

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerenga kuti mu 2019 anthu 169 miliyoni ankagwira ntchito kunja kwa maiko awo. Ambiri ali m'zomangamanga, m'minda, m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba za anthu, ntchito zimene eni dziko amazithawa chifukwa ndi zauve, zoopsa ndi zolemetsa. Ku America mu 2022 anthu 5,486 anafera pantchito, omwe ndi 3.7 pa ogwira ntchito 100,000 alionse. Kwa anthu a mtundu wa Hispanic, ochokera kapena amene makolo awo anachokera maiko olankhula Chisipanishi, nambala inali 4.6, ndipo oposa theka la omwalira a gululi anali obadwira kunja.

Ife nkhaniyi tinaidziwa kale kudzera ku Wenela ndi Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Lamulo la migodi la kumeneko, kuyambira 1911, linkasungira azungu ntchito zaluso ndi zaukapitawo. Wakuda, makamaka wochokera kunja, ndiye ankatsika kumapeto kwa mgodi kukaboola mwala, kumene denga limagwa ndi kumene fumbi limalowa m'mapapo. Wina akanawerenga ovulala n'kuwagawa ndi khungu, akanapeza kusiyana kwakukulu, koma kusiyanako kunalembedwa m'lamulo, osati m'magazi. Ulendo womwe unali mbali ya chiopsezocho: pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Botswana, n'kupha Amalawi 74 obwerera kumudzi, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu a kumigodi.

Lero lamulo lotero kulibe, koma njira zimene wobwera amavulalira zikadalipo, ndipo zimadziwika bwino.

Yoyamba ndi uchilendo pantchito. Ofufuza a ku Canada anapeza kuti munthu amene ali m'mwezi wake woyamba pantchito amavulala kuwirikiza katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi amene wakhalapo kupitirira chaka. Wobwera wa maganyu amakhala m'mwezi woyamba nthawi zonse: sabata ino akukanda simenti, yamawa akudula mitengo, inayo akukwera nsanja kukapenta. Sakhala pamalo nthawi yokwanira kudziwa thabwa lomwe limagwedera kapena makina omwe amaluma.

Yachiwiri ndi chilankhulo. Chenjezo la pantchito limakhala lamasekondi. Kapitawo akakuwa m'Chixhosa kapena m'Chiafrikaans kuti thawani, amene ayenera kuyamba watanthauzira m'mutu amachedwa, ndipo sekondi imodzi ndi yokwanira kuti njerwa imupeze. Malangizo a pabotolo la mankhwala opopera m'munda, onena za mlingo ndi maola oyenera kudikira musanalowenso m'mundamo, sathandiza amene sangawawerenge.

Yachitatu ndi mapepala. Wopanda chiphaso sakana ntchito. Sangafunse lamba wodzimangirira pamwamba, helemeti, jombo kapena magolovesi, poopa kuti bwana angomuuza kuti panja pali ena khumi. Amagwira maola ambiri, ndipo kutopa kumachulukitsa ngozi kumapeto kwa tsiku. Kawirikawiri amalembedwa ndi kontirakita wamng'ono amene walembedwanso ndi kontirakita wina, moti ngozi ikachitika sizidziwika kuti udindo wa chitetezo unali wa yani.

Pali yachinayi imene anthu sakonda kuitchula: malipiro a mgwazo. Wolipidwa pa mzere, pa tani kapena pa thumba amathamanga, ndipo amene akutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi amathamanga koposa. Chikwanje cha munthu wothamanga chimatera pa msongolo kapena pa dzanja logwira nzimbe. Izi zimachitika ku Dwangwa monga zimachitikira ku KwaZulu-Natal.

Nyumba, moto ndi madzi

Akaweruka kuntchito, wobwera amakagona kumene lendi ndi yotsika. M'chipinda chimodzi mumakhala anthu asanu, waya wamagetsi ndi wolumikiza mwachinyengo, pophikira pali pansi pamene mwana akukwawa, khomo lotulukira ndi limodzi ndipo usiku amalikhoma poopa akuba. N'chifukwa chake kupsa kwa ana ndi imfa za moto zimachuluka m'magulu amenewa.

Mbaula ili ndi nkhani yakeyake. Kuno timaphikira panja kapena m'khitchini yopita mphepo. Ku Johannesburg mu Juni kumazizira mpaka madzi kuuma, ndipo munthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo. Makala oyaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, wopanda fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenako tulo tosadzuka nato. Mu Disembala 2006, mphepo yamkuntho itathimitsa magetsi m'dera la Seattle ku America, ambiri mwa amene anadwala ndi mpweyawu anali mabanja obwera amene anayatsa makala m'nyumba. Chizolowezi chosaopsa kwawo chinasanduka choopsa m'nyumba yotsekeka.

Pa kumira, zifukwa zimaoneka poyera. Ku Netherlands ana ambiri amaphunzira kusambira mpaka kulandira satifiketi, pakuti dzikolo ladzaza ngalande. Makolo ochokera kumapiri a ku Morocco sanakule ndi mwambo umenewo. Ku America, bungwe la boma loona za matenda la CDC linapeza kuti ana akuda a zaka 10 mpaka 14 amamira m'madamu osambira kuwirikiza ka 7.6 poyerekeza ndi ana achizungu. Ana amenewa si obwera. Agogo awo ankaletsedwa kulowa m'madamu a boma nthawi ya tsankho, ndipo kholo losadziwa kusambira siliphunzitsa mwana. Pa Senga Bay kapena pa Chia wina angaseke kumva kuti wakuda sadziwa madzi, poona ana a zaka zisanu akudumphira m'nyanja ngati achule.

Chodabwitsa: nthawi zina obwera amavulala pang'ono

M'chigawo cha Ontario ku Canada, ofufuza apeza kuti ana a obwera amafika kuchipatala ndi ngozi mocheperapo kuposa ana a eni dziko, koma ana a othawa nkhondo amavulala kuposa a obwera ena. Zotsatira zotere zimafotokozedwa m'njira zitatu, ndipo zitatu zonsezo zingakhale zoona nthawi imodzi.

Choyamba, amene amanyamuka ndi osankhika. Wodwala, woledzera kwambiri kapena wolumala sapirira ulendo wa pa Dedza, Tete mpaka Beitbridge. Amapita ndi anyonga. Akatswiri amati healthy migrant effect, kutanthauza kuti gulu la obwera limayamba lili lathanzi kuposa anthu wamba a kwawo ndi a kumene lafika. Ubwinowu umachepa zaka zikamapita. Othawa nkhondo sasankhika chonchi, amathawa onse ndi agogo omwe, n'chifukwa chake nambala zawo zimasiyana. Chikhalidwe chimalowanso: gulu limene silimwa mowa pa zifukwa za chipembedzo limapewa ngozi zambiri za pamsewu ndi ndewu.

Chachiwiri ndi kubwerera kumudzi. Munthu akathyoka msana ku Joni, abale amasonkha ndalama n'kumukweza basi. Akamwalira ku Nkhotakota patapita miyezi itatu, kaundula wa ku South Africa saona imfayo, ndipo wa kuno salemba kuti inayambira pa nsanja ya ku Joni. Izi amazitcha salmon bias, potengera nsomba ya salmon imene imabwerera kumtsinje umene inabadwira. Ife tingaganize za mpasa wokwera mtsinje wa Bua kukaswana. Matchona a kumigodi ambiri anafera kumudzi ndi chifuwa cha fumbi mwanjira imeneyi, osawerengedwa kulikonse, ndipo thumba la chipukuta misozi la Tshiamiso Trust la 5 biliyoni randi, limene khoti la ku South Africa linavomereza mu 2019, likuvutika mpaka pano kuwapeza iwo ndi mabanja awo.

Chachitatu, wobwera sapita kuchipatala ndi bala laling'ono. Amaopa kufunsidwa chiphaso, amaopa bilu, amaopa kujomba tsiku. Chizindikiro chake m'ziwerengero n'chosavuta kuchiona: gulu likakhala ndi mabala ang'onoang'ono ochepa koma imfa zambiri, dziwani kuti mabala ang'onoang'onowo akumangidwa ndi nsanza kunyumba. Mtembo subisika, chala chotemeka chimabisika.

Pamene thupi lenileni lili ndi mbali

Kodi palibiretu kusiyana kwa chibadwa? Kulipo, koma pa zinthu zochepa. Chodziwika kwambiri ndi kuthyoka kwa fupa la m'chiuno mwa okalamba. Maiko a Scandinavia monga Norway, Sweden ndi Denmark ali ndi nambala zokwera kwambiri padziko lonse, ndipo ku America amayi achikulire akuda amathyoka fupali mocheperapo kuposa achizungu. Pa avereji mafupa awo ndi othinana kwambiri. Ngakhale apa, chakudya, ntchito ya manja, dzuwa ndi kutalika kwa moyo zimasakanikirana ndi chibadwa. Ndipo avereji ya gulu si chitetezo cha munthu: agogo aakazi a ku Khombedza akaterereka kubafa akhoza kuthyoka chiuno monga wina aliyense. Pa kugwa kuchokera pansanjika yachinayi, pa moto kapena pa kumira, palibe umboni woti mtundu wina unabadwa wolimba.

Kuno kunyanja

Salima ndi Nkhotakota ndi maboma olandira alendo. Atonga a ku Nkhata Bay anakhazikika m'madooko kalekale potsata usipa ndi utaka. Dwangwa imakoka odula nzimbe ochokera maboma ena. Achinyamata a ku Dowa ndi Ntchisi amatsikira kunyanja kukasaka ganyu yokoka makoka kapena kulowa m'boti la chilimira. Pamtunda pomwepa ku Dowa pali msasa wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda.

Mawu aja akuti wakumtunda ndi wa maliro ali ndi choonadi chake, koma chogawira chimawavuta. Mlendo akagwera m'madzi amamira msanga: sadziwa kusambira, sadziwa kuwerenga mwera umene umawomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, sadziwa malo a ng'ona ndi mvuu pa mathiriro a Bua kapena Linthipe. Koma mlovi wobadwira padooko amakhala pamadzi usiku mazana pachaka, kutali ndi gombe, nthawi zambiri wopanda jekete yoyandamitsa, nthawi zina atalawa kachasu kuti athamangitse kuzizira. Pa ulendo umodzi chiopsezo cha mlendo n'chachikulu. Pa chaka chonse, katswiri wa nyanja akhoza kumuposa. Ili ndi phunziro la njinga za ku Netherlands lija, litavala zovala zakwathu.

Kuti boma lililonse la awiriwa lidziwe zoona zake, buku lolembamo ovulala liyenera kuyankha mafunso ochepa pa munthu aliyense: zaka zake, ntchito imene amagwira pa nthawi ya ngoziyo, miyezi imene wakhala pa ntchitoyo, boma kapena dziko lobadwira, nthawi imene wakhala m'dera lino, chilankhulo chimene amamva bwino, ndi maola amene anadutsa asanafike kuchipatala. Funso la mtundu palokha limapereka zochepa, ndipo likafunsidwa mosasamala limathawitsa anthu amene akufunika kuwerengedwawo. Chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chakhala ndi kaundula wa ovulala kuyambira 2008, koma kaundula wa kuchipatala amaona okhawo amene afika. Womira amapita kumanda kuchokera kugombe, choncho mabuku a makomiti a m'madooko, a mafumu ndi a polisi ayenera kuwerengedwa limodzi ndi a kuchipatala.

Kwa wovulala pantchito, kulembetsa ngozi ndi chiyambi cha chipukuta misozi. Kuno lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limayendetsedwa kudzera ku ofesi ya zantchito ya paboma, ndipo ku South Africa lofanana nalo ndi COIDA la 1993. Kulikonseko chimene chimagwetsa milandu yambiri ndi kusowa umboni woti munthuyo analidi pa ntchitoyo tsiku limenelo. Dzina lenileni la kampani, dzina la kapitawo, mauthenga a pafoni oitanira kuntchito, umboni wa malipiro, lipoti la dokotala la tsiku loyamba ndi mayina a anzake awiri amene anaona ngoziyo ndi zinthu zoyenera kusungidwa, ndipo ndi bwino kuti m'bale wina kumudzi akhale nazonso pafoni yake.